Khoswe Sanakoke Mwendo

Khoswe sanakoke mwendo.

Mayi wofufuza zamankhwalayo anagundanso kaphazi kotupako ndi kawaya koyezera ululu. Zii. Dzana, asanabayidwe jakisoni wa botulinamu, poizoni amene ankamuyesa ngati angaziziritse ululu, khoswe yemweyu ankadumpha ukangomukhudza.

"Mwaonatu, achemwali!" anatero Bwana kumbuyo kwake, akutikita manja. "Ululu watheratu. Mawa tikalengeza."

Mayiyo anamuyang'ana khosweyo kumaso. Maso anali otsinzinira, makutu atagonera kumbuyo, ndevu zitauma gwa. Nkhope imeneyi ankaidziwa. Ndi yomwe bambo ake amaonetsa akamawatembenuza pabedi chidwalire sitiroko: dzanja lili duu, koma misozi ikutsika.

"Bwana, jakisoniyu anasakaniza ndani?"

"Ineyo. Bwanji?"

"Si ntchito yanga imeneyo?"

"Muli ndi matenda kunyumba inu. Ndimati ndikupepuzeni." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'mano.

Mayiyo anamutulutsa khosweyo m'kabokosi, n'kumukhazika patebulo. Kumapeto kwa tebulolo anaika kachakudya.

"Mukutaninso? Zoyeza zija zakwana."

"Ndingofuna ndimuone akuyenda."

Khoswe ananunkhiza, nanyamuka. Miyendo itatu inkaponda bwinobwino. Wachinayi, wobayidwa uja, unkangokhwekhwereka m'mbuyo ngati chingwe chonyowa. Ngakhale akanafuna kuukoka, akanaukoka ndi chiyani?

Bwana sanamuyang'ane n'komwe khosweyo. Anapita pachitseko, nasuzumira panja, n'kuchitseka pang'onopang'ono.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "bambo aja akupeza bwanji masiku ano?"