Zala za Nankhoma

Chibwerereni makina m'malo mwa adokotala pachipatala cha m'mudzi, wodwala amalowa yekha m'chipinda, operekeza n'kutsala pakhonde. Kwa anthu osamva ngati Nankhoma, makinawo ali ndi diso lowerenga chinenero chamanja, koma disolo limafuna zala zowongoka bwino.

Matenda a Nankhoma anali m'zala momwemo. Nyamakazi inali itazipinda.

M'mawa wa tsiku lopita kuchipatala, amuna ake, a Dzonzi, anamufunditsira madzi m'beseni. Nankhoma anaviikamo manja mpaka khungu linachita makwinya, kenako anayesa chizindikiro cha ululu. Chala cholozera chinakana kuwongoka.

"Yesaninso, amayi," anatero a Dzonzi ndi manja. "Ine ndiye ndamva."

"Inu mumamva ngakhale ndikangokwinya nkhope," anayankha Nankhoma. "Koma simugawa mankhwala."

Pofika kuchipatala, zala zinali zitaziziranso. Anakweza manja patsogolo pa diso lija. Pagalasi la makinawo panalembedwa kuti abwereze. Anabwereza, anabwerezanso, koma mawu anali omwewo. Chitseko sichitseguka makina asanalandire yankho, ndipo panja odwala anzake ankadikira.

Pomaliza anakunga chibakera n'kuimika chala chachikulu, chizindikiro chokhacho chimene dzanja lake linkachithabe. Nyali yobiriwira inayaka, makina analemba kuti ali bwino, ndipo chitseko chinatseguka.

Pakhonde a Dzonzi anaona kuti watuluka wopanda mankhwala, koma sanafunse.

"Mwezi wamawa madziwo tidzawatengera m'fulasiki," anatero.

Nankhoma anawayang'ana pang'ono, n'kuimika chala chachikulu.