Seva ya a Zouhair Inatsogola ndi Ola Lathunthu

Anzanga, werengani mpaka kumapeto, chifukwa mtima wanga ukudumphabe! Nkhaniyi ndi yoona, yachitika konkuno ku Meknes.

Panali munthu wina dzina lake Zouhair, amene ankasamala seva ya bungwe la achinyamata la m'dera lathu. Seva imeneyi ndi kompyuta imene imasunga tsamba lolemberapo mayina a ofuna kupita ku mpikisano wa sayansi wa ku Fes. Tsambalo linakonzedwa kuti lidzatseke lokha Lolemba, 5 koloko madzulo. Wochedwa, kwake kwatha mpaka chaka chamawa.

Mukudziwa kuti kuno kwathu Ramadani ikatha timakankhira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi. Loweruka masana, tsiku losinthalo lisanafike, mchemwali wawo Touria, amene amagwira ntchito ya maseva ku Casablanca, anawaimbira foni.

"Iwe Zouhair, wotchi ya seva usaigwire. Imadziwa yokha tsiku losintha. Ungoyang'ana Lamlungu ngati yasintha, basi."

"Achemwali, mwayamba liti kuphunzitsa nsomba kusambira?" anatero a Zouhair akuseka.

Koma atadula foni, mtima sunakhazikike. Lamlungu ankafuna kuzungulira kwa abale kukamaliza makeke a Idi, osati kukhala pa kompyuta. Ndiye anafunsa m'gulu lina la pa intaneti. Munthu wina wosadziwika, wopanda ngakhale chithunzi, anayankha msangamsanga: "Zophweka m'bale wanga. Zimitsa zoti seva izifunsa nthawi kunja, kenaka uikankhire wekha ola limodzi. Mizere ya malamulo yoti ulembe mu seva nayi."

A Zouhair anakopera mizereyo osaiwerenga n'komwe, n'kutseka ofesi, ulendo ku makeke.

Lamlungu seva inachita zimene Touria ananena: nayonso inawonjezera ola lake. Ola la a Zouhair, ola la seva, pamodzi awiri!

Lolemba atsikana anayi a kusukulu kwathu anamaliza kujambula chipangizo chawo chothirira mbande za azitona dontho ndi dontho. Anachivutikira chaka chonse. Atangoweruka, 4 koloko itangodutsa, mtsogoleri wawo Ikram anatsegula tsamba lija pa foni. Linalemba kuti: "Pepani, nthawi yolembetsa yatha."

Ati yatha! Dzuwa lili poti!

Anathamanga onse anayi mpaka ku ofesi ya bungwe, zikwama zikuwamenya kumsana. Anapeza a Zouhair akuthira tiyi.

"Achimwene, tsamba lanu latitsekera!"

"Ndi foni yakoyo, mwana iwe. Izimitse uyatsenso."

"Mafoni anayi onse adwala matenda amodzi?" anafunsa Ikram.

A Zouhair anaika tambula pansi. Anayesa pa kompyuta yawo: yatha. Anazimitsa pulogalamu ya seva n'kuiyatsanso: yatha. Anatsegula makonzedwe a tsamba, napeza 5 koloko yalembedwa bwinobwino, palibe cholakwika. Anagwedeza nthambo, anafika pouzira mpweya kuseri kwa bokosi. Mmodzi wa atsikanawo, Nouhaila, anali atayamba kale kulira.

"Aimbireni achemwali anu," anatero Ikram.

"Aaa, amenewo andiseka mpaka Idi ina ija yophera nkhosa."

"Bola akusekeni inu kusiyana n'kuti tilire ife."

Anaimba. Touria anamvetsera pang'ono chabe, kenaka anati, "Usandiuze zambiri. Ifunse seva yakoyo kuti nthawi ili bwanji."

A Zouhair analemba funsolo. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ananso kompyuta.

"Ndikumva kupuma kwako, Zouhair. Yati bwanji?"

"Yati... 5 koloko inadutsa kale."

"Mashallah! Seva yako ikupita kale kukagula buledi wa madzulo ife tikadali pantchito. Unaigwira eti?"

"Pang'ono pokha, achemwali."

"Anakuuza ndani?"

"Munthu wina wa pa intaneti."

"Dzina lake?"

"Sanalembe."

Touria anaseka mpaka atsikana onse anamva pa foni. "Mchemwali wako amene anakubereka kumsana wamukana, wamvera mzukwa! Chabwino. Yatsanso zimene unazimitsazo, seva ifunse nthawi kwa anzake. Ikabwerera m'nzeru zake, uyatsenso pulogalamu ya tsamba. Ndipo uwerenge mzere uliwonse mokweza usanadine."

A Zouhair anawerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani, atsikana atawazungulira. Wotchi ya seva inabwerera m'mbuyo. Ikram anatsegulanso tsamba, ndipo linatseguka! Analemba mayina, anatumiza zithunzi, kenaka panatuluka mawu obiriwira: "Mwalandiridwa."

Phokoso lake! Nouhaila analira kachiwiri, koma kulira kwina. Wogulitsa zipatso panja anasuzumira kufunsa ngati kuli ukwati. A Zouhair anatulutsa makeke onse amene anatsala m'kabati, n'kulemba uthenga pa tsamba wopepesa ena onse amene anabwezedwa, kuti bungwe lawawonjezera nthawi mpaka mawa lake.

"Achemwali, zimenezi musakawauze amayi," anatero asanadule foni.

"Ndawauza kale. Ali pompano, akukupatsa moni."

Ndiye anzanga, mmodzi wa atsikana anayiwo ndine! Tikupita ku Fes! Mayi anga ayamba kale kuuza msewu wonse, ndipo a Zouhair alonjeza kutinyamulira chipangizo chathu mpaka pa sitima. Ikram wawauza kuti afike pa nthawi ya wotchi ya pakhoma, osati yawo.

Phunziro: Wokudziwa akati "usagwire", usathamangire kwa mlendo wopanda dzina chifukwa choti yankho lake n'lalifupi. Usaike mu seva mzere umene sukuumvetsa, ndipo zikavuta, funsa msanga, manyazi asakudyere nthawi ya anthu ena. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amasamala kompyuta, makamaka amene ali ndi mchemwali!