Odi wa Pakhoma

Kachitatu makina ondilondolera njira anaima pakhoma lopanda chitseko, nati, "Odi!"

Maso anga anafa kale. Mwana wanga Nelia, asanamwalire, anaphunzitsa makinawa m'nyumba yathu ya ku Boma, kuwapatsa malikisi akalondola. Odi wa pakhomo la chipinda chakeyo ndinalamula ndine. Kuno ku Manyamula amakhoterabe kumanzere, kufuna chipinda cha Nelia.

"Adada, mundilole ndifufute zonse za m'makinawa," anatero mkamwini wanga Stewart. "Mbwenu aphunzire nyumba ino. Dzulo munagwa chomene."

"Nanga odiyo?"

"Apitira limodzi, adada."

Ndinagwira bondo langa lotupa.

"Fufutani. Koma dikirani kaye. Munthu akaodira, amayankhidwa."

Ndinavula chipewa, ndi kutembenukira kukhoma lija.

"Odini, mwanangu. Lowani."