Timatabwa Makumi Anayi

Wiebke anakhuthulira timatabwa tonse patebulo la kukhitchini n'kuyamba kuwerenga.

Anali atangomupeza mwana wake Fenja, wa chaka ndi theka, ali kunsi kwa tebulolo, bokosi la masewera a bambo ake lili pamiyendo. Mwanayo ankatsokomola, dovu likuyenderera pachibwano. Wiebke anamupisa chala m'kamwa. Munalibe kanthu.

Amene anapanga masewera apatebulowo ndi mwamuna wa Wiebke, Torben. Zaka zinayi akudula makatoni ndi kusintha malamulo: amalonda olimbirana kutsitsa tirigu pamtsinje. Timatabwa tachikasu, tating'ono ngati nyemba, tinkaimira matumba a tiriguyo. Masana a tsikulo kampani ina yosindikiza masewera inali itamupatsa mphindi makumi awiri zoti akaionetse bokosilo kuchionetsero cha masewera mumzinda wa Essen. Iye anali atapita kukathira mafuta m'galimoto, ngakhale thanki inali isanafike ndi pakati pomwe. Ndi mmene analili Torben, munthu woyenda ndi maambulera awiri.

Wiebke analibe nawo chidwi masewerawo, koma pepala la malamulo ankalidziwa, poti ndiye analitayipa. Pamwamba pake panali mndandanda wa zam'bokosi. Timatabwa tachikasu: makumi anayi.

Anatiunjika khumikhumi. Milu inayi, yokwana bwinobwino. Anatisakaniza n'kuwerenganso. Makumi anayi. Kachitatu anachita kukhudza kalikonse ndi chala. Makumi anayi ndithu.

Anapumira m'mwamba n'kuika pansi foni, nambala ya ambulansi ikadali yodinidwa theka. Fenja anali atasiya kutsokomola. Anangokhala phee pakampando kake, akukankha nthochi imene amaililira masiku onse. Mano akumera awa, Wiebke anadziuza.

Chitseko chinatseguka.

"Mpaka kundisanjira katundu, mayi a Fenja?" anatero Torben akuseka. "Lero dzuwa latulukira kumadzulo."

"Sekani. Mudzalisiyenso pampando bokosi lanuli, ndidzakaliponya m'bini ya mapepala pamodzi ndi zaka zanu zinayizo. Mwana anali m'menemu. Mtima unachita kundichoka. Mwayi wanu timatabwa tonse tilipo, makumi anayi."

Dzanja la Torben linaima pamwamba pa miluyo.

"Makumi anayi?"

"Katatu konse ndawerenga. Monga mwa pepala lanu."

"Pepalalo limanena tosewerera," anatero motsitsa mawu. "Bokosi lokaonetsa kwa osindikiza timaikamo kamodzi kapadera, kuopa kena kangagwe pansi. Ndakaika ndekha m'mawa uno."

Onse awiri anatembenukira Fenja. Dovu linali litanyowetsa malaya ake mpaka pamimba.