Mkamwini wa Gofu ku Barking

Biswick anakhala pampando waukulu m'nyumba ya achemwali ake, a Eliza, ku Barking mumzinda wa London, tayi itamufinya khosi. Anabwera kudzakana munthu, ndipo shifiti yake yoyendetsa basi anali atasinthana ndi mnzake kuti akane bwinobwino, mosafulumira.

Nkhaniyi anaimva pafoni kwa Atikonda, mwana yekhayo wa a Eliza.

"Amalume, Loweruka kukubwera mlendo kudzafunsira mbeta. Amayi akuti mwinimbumba ndinu. Dzina lake ndi Joris Vanhalst, wa ku Belgium. Amasewera gofu."

Mtsikanayo anaseka n'kudula foni. Manyazi a chikondi, anatero Biswick mumtima.

Poyamba anakondwa. Kenako anamufufuza munthuyo pa intaneti, chimwemwe chonse n'kuuluka. Joris anayamba gofu ali kamnyamata kufupi ndi Antwerp. Anawinapo chikho ku Portugal, inde, koma pachithunzi cha tsikulo anali ndi tsitsi lofika m'mapewa ndi buluku loti masiku ano ungalipeze ku myuziyamu. Nthawi imeneyo Atikonda anali asanabadwe. Pambuyo pake kunali kungoyendayenda: wachiwiri kuno, wachikhumi uko, kwina kubwezedwa mpikisano uli pakati. Panalinso kanema amene Biswick anaonera mobwerezabwereza: dzenje lomaliza, chikho chachikulu chili poteropo, mkuluyo n'kumenyera mpira m'dziwe, kuyesanso, m'dziwe momwemo, abakha n'kuthawa. Tsopano ankasewera mipikisano ya madala anzake ndi kuphunzitsa mabwana gofu pa kalabu ina kumphepete kwa London. Chaka chatha anamuchita opaleshoni ya bondo.

Apo Biswick anaona pamene njoka inalowera. Atikonda ntchito yake ndi yowongola miyendo ya odwala, pachipatala chomwecho pamene mayi ake ndi namwino. Mkulu uja anapita kukawongoletsa bondo, maso n'kuyamba kuwongokanso.

Munthu wamkulu kuposa iye mwini, malume! Munthu woti moyo wake wonse wathera kumenya kampira n'kumakafunafuna yekha m'tchire!

Chimene chinamupweteka kwambiri ndi a Eliza. Chimwalirireni amuna awo, mayiwa ankangodziwa yunifolomu ndi duku la kutchalitchi. Lero anali atalukitsa tsitsi ku Tottenham, milomo ili psuu, akungozungulira m'nyumba ndi mbale ya zitumbuwa, osakhazikika. Kusangalalira chipongozi cha mzungu mpaka kuiwala kuti mwana akukankhidwira kuphompho. Biswick anayesa kuwayamba nkhaniyo, iwo n'kuthawira kukhitchini.

Belu linalira. Atikonda anatsegula chitseko, n'kulowa bambo wamtali, wadazi, khosi lopsa ndi dzuwa, dzanja limodzi loyera mbee chifukwa cha golovesi yosewerera gofu, linalo lofiirira. Ankatsimphina pang'ono. Ananyamula maluwa, ndipo anapatsa a Eliza. Wochenjera, anaganiza Biswick, akudziwa poyambira kuthira mafuta.

Mlendoyo anayesa kugwada, bondo n'kulira ngati chitseko chakale. Atikonda anamugwira pamkono kumudzutsa.

"Muli bwanji, achimwene?" anatero Joris, Chichewa chake chikupunduka kuposa mwendowo.

Achimwene! Ngakhale ulemu sanamuphunzitse. Biswick anaika kapu ya tiyi pansi. Chingerezi amachidziwa, amatukwanizana nacho ndi apaulendo tsiku ndi tsiku, koma nkhani za banja sizikambidwa m'chilankhulo cha pa basi.

"Atikonda, uzimasulira. Usachotsepo kanthu."

"Amalume, mwina ayambe iyeyu kunena chimene wabwerera."

"Chimene wabwerera ndikuchidziwa. Khala chete, umasulire."

Mtsikanayo analuma mlomo n'kuyang'ana kudenga.

Biswick anayambira ku Portugal. Anadutsa pa tsitsi ndi buluku lija, anafika padziwe, anatchula ngakhale abakha. Joris ankangogwedeza mutu modzichepetsa, ndipo pa nkhani ya dziwe anausa moyo n'kunena kuti mphepo inali yoipa tsikulo.

"Mphepo!" anatero Biswick. "Umuuze kuti kwathu kulibe mphepo, kuli mwambo. Mwana uyu tinamulera movutika. Amayi ake anasambitsa azungu osawerengeka kuti aphunzire. Lero akatenge munthu woti mawa adzafunika kumusambitsanso? Gofu ndi masewera, bambo, banja si masewera. Munaphonya dzenje lija anthu akuonera, ili mwaphonyanso."

Atikonda anamasulira, mawu akunjenjemera. Biswick anamumvera chisoni, koma mankhwala owawa ndi amene amachiritsa. A Eliza anali ataima pakhomo la kukhitchini, manja m'chiuno. Nkhope ya Joris inali itagwa ngati ya munthu amene wauzidwa za maliro.

Poona kuti mdani wagonja, Biswick anafewetsa mawu. Pajatu wopambana amayenera kukhala ndi chifundo.

"Sindikudana nanu, bambo. Akazi a msinkhu wanu alipo mbwee. Mukanati mukufuna nkhalamba inzanu, ngati achemwali angawa, ndikanakupatsani lero lomwe, popanda ndi nkhuku yomwe, sutikesi ndikanakunyamulirani ndekha mpaka pa siteshoni."

Atikonda sanamalize kumasulira. Anagwera pasofa, akuseka mpaka misozi. Joris, amene anagwirapo mawu okwanira, anadzuka ndi bondo lake lomwelo n'kumukumbatira Biswick, kumupsompsona tsaya ili ndi ilo.

A Eliza anavula epuloni, anabwera n'kukoleka mkono wawo m'mkono wa mlendoyo.

"Zikomo povomera, Biswick," anatero. "Koma mawu akuti nkhalambawo tikambirana alendo akapita."