Pansi Payera

"Ndikapezanso ubweya pansi, galu wanuyu achoka," anatero mayi, tsache lili m'manja.

Amuna awo, amene ubwana wa ku ofesi amayenda nawo paliponse, anapita kukagula makina osesa okha. Atamva za galuyo, wogulitsa anafunsa ngati ndi wamantha.

"Achimwene, ndadzagula makina, osati nzeru. Ndipatseni amphamvu kuposa onse."

Makinawo atayamba kuzungulira m'zipinda akulira, galu anathawira pabedi ndipo anakhazikika pomwepo. Pofika Loweruka, mapilo ndi bulangeti zinali ubweya wokhawokha.

"Koma pansi payera," anatero bambo, manja m'thumba. "Paja munati pansi."

Mayi anayang'ana pansipo modekha.

"Payeradi. Galu akhale. Inuyo muzigona pansi pomwepo."