Satifiketi Yopanda Chidindo

Aphunzitsi awiri aganyu anakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya ahedi, koma malo a ntchito yokhazikika anali amodzi.

Wamng'onoyo anaona kuti satifiketi imene wamkuluyo, Mayi a Masamu, anaika pamiyendo inalibe chidindo. Zoterozo mkatimo ankabweza osawerenga n'komwe. Mlembi wodinda anali pakhomo lachiwiri, ndipo nthawi inalipo.

Mayiwa anali atadikira malowa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndiwo anamuphunzitsa kugwira choko. Koma wamng'onoyo kunyumba anasiya khanda ndi mwamuna wosagwira ntchito.

"Mwanawe, kolala yapindika," anatero mayiwo, akumukonza ndi zala zotuwa ndi choko. "Bwanji pakamwa yasa? Ukufuna kunena kanthu?"

Chitseko cha ahedi chinatseguka.

"Ndimati zikomo, amayi," anatero wamng'onoyo.